Manambala Okongola a Namzeze

Lolemba, 9 Juni

Atigoneka m'wodi ya ana cha m'ma 10 koloko m'mawa. Bedi nambala 6, pafupi ndi zenera. Wodwala ndi mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Kunyumba timamutchula kuti Namzeze chifukwa sakhazikika pansi. Lero wakhazikika.

Anayamba kusanza dzulo masana. M'mawa uno amapuma mozama ngati munthu amene wathamanga mtunda wautali, mpweya wake ukununkha ngati zipatso zopsa kwambiri. Shuga pofika: 28.4. Mu mkodzo mwapezeka makitoni ambiri, asidi amene thupi limapanga likasowa insulini. Amuika diripi ya madzi, ndipo patatha ola limodzi anayamba kumupatsa insulini kudzera mu mtsempha. Akumuyeza ola lililonse.

Matenda a shuga anamupeza nawo miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Amabaya insulini kanayi pa tsiku: katatu asanadye, ndi kamodzi madzulo ya nthawi yaitali, mayunitsi 12. Amadziyeza yekha n'kulemba m'kope. Kopelo ndabwera nalo. Loweruka m'mawa analemba 6.1, madzulo 7.0. Sindikumvetsa kuti munthu achoka bwanji pa 7 n'kufika pa 28 m'tsiku limodzi ndi theka.

Ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'mipope mu labotale. Ndinaphunzira kumeneko kuti chinthu chikalakwika, ukalemba zonse mwadongosolo cholakwikacho chimadzionetsa chokha. N'chifukwa chake ndayamba kulemba muno. Mayi ake a Namzeze atsala kunyumba ndi khanda la miyezi itatu.

Lachiwiri, 10 Juni

Shuga: 19.2, 16.8, 14.1, 12.5. Makitoni akuchepa. Kusanza kwaleka. Potaziyamu, mchere wina wa m'magazi, anatsika pang'ono, amuwonjezera m'diripi. Masana wapempha madzi, kenako wadandaula kuti pilo ndi wolimba. Munthu akayamba kudandaula za pilo ndiye kuti akubwerera.

Pa bedi 5 pali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, kodwala matenda a magazi otchedwa siko selo. Mayi ake ndi oluka tsitsi, ali ndi saluni yawoyawo, ndipo pakamwa pawo sipatsekeka. Andiona ndi cholembera n'kundipatsa dzina lakuti Akalaliki. Akuti ndikamaliza za mwana wanga ndilembekonso za iwo, dziko lidziwe kuti msana wawo wagonera mpando sabata ziwiri.

Dokotala wa wodi ino ndi mayi wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Sayima ku miyendo ya bedi. Amakoka kampando n'kukhala kuti maso ake afanane ndi a mwana, ndipo moni woyamba amapereka kwa mwanayo. Anafunsa Namzeze kuti amakhala ndi ndani, mnzake wapamtima ndi ndani, ku sukulu chimamusangalatsa n'chiyani. Ine ndinali nditatsegula kale kope la manambala m'manja. Analiyang'ana, anathokoza, kenako anandipempha kuti ndituluke kwa mphindi khumi. Ndinati ndine bambo ake. Anati akudziwa, ndipo amachita zimenezi ndi mwana aliyense wopitirira zaka khumi.

Ndinaima m'khonde. Zinali mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Lachitatu, 11 Juni

Diripi achotsa. Wabwerera pa majakisoni. Wadya buledi, dzira ndi tiyi wopanda shuga. Shuga: 10.9, 13.4, 11.3.

Zotsatira za magazi aja oonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi itatu yapitayi zabwera: 12.6 peresenti. Zoyenera ndi pafupi 7. Malinga ndi zimene ndinawerenga, 12.6 ikutanthauza kuti shuga wake wakhala akuzungulira pa 17 tsiku ndi tsiku. Ndawonkhetsa manambala a m'kope a miyezi yomweyo n'kugawa: 6.8.

Dokotala anaika pepala la ku labotale pambali pa kope n'kungonena kuti ziwirizi sizikugwirizana. Ndinati mwina kamakina kathu koyezera shuga kanawonongeka, kapena timapepala toyezera tinatha mphamvu. Nesi wamkulu, mayi wa magalasi akuluakulu, sanatsutse. Anati tiyese. Anatenga magazi, dontho limodzi pa kamakina kathu, otsalawo ku labotale. Kamakina: 11.3. Labotale: 11.0. Timapepala tikutha ntchito chaka chamawa.

Kamakina kalibe mlandu. Chatsala ndi dzanja lolemba.

Ndinayang'ana Namzeze. Anali atatembenukira kukhoma. Ndisanatsegule pakamwa, nesi uja anandigwira pa chigongono n'kundipempha kuti ndikamuthandize kukankha kabati m'khonde. Kabatiyo inali ya matayala, sinkafuna anthu awiri.

Lachinayi, 12 Juni

Shuga: 12.2, 14.6, 10.1, 13.0. Makitoni palibe.

Kamakina kaja kamasunga manambala onse amene kayeza, ndi tsiku ndi nthawi. Ndakhala ndikuzidziwa zimenezi kuyambira tsiku limene ndinakagula. Sindinayambe ndadinapo batani limenelo. M'mawa ndinapempha nesi kuti andipatse ndione. Anati kamakinako ndi ka mwana, ndipo dokotala anaona kale zimene zili mmenemo, pamodzi ndi mwiniwake, Lachiwiri m'mphindi zija ndinali m'khonde.

Ndiye kuti dzulo, pamene ndinkalongosola za timapepala totha mphamvu, onse ankadziwa. Ndinakwiya. Ndinati si bwino kubisira kholo zinthu zokhudza moyo wa mwana wake.

Ananditengera kwa mlangizi wa wodi. Ana amamutchula kuti Anti Mafunso. Chipinda chake n'chaching'ono: mipando inayi ya pulasitiki, bokosi la zidole, makrayoni m'chitini, kapu imodzi yothyoka chogwirira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati pakanakhala choopsa chofuna kuti ndidziwe tsiku lomwelo akanandiuza tsiku lomwelo, koma panopa mwana ali m'manja mwawo ndipo insulini akulandira. Namzeze anapempha kuti andiuze yekha, ndipo anasankha mawa. Akamulanda mawuwo, akuti, ndidzadziwa zoona za miyezi inayi yapitayi, koma za miyezi ikubwerayi sindidzazimva.

Anandifunsa zimene zimachitika kunyumba akayeza. Ndinafotokoza, mwina monyadira pang'ono, za girafu ya manambala imene ndinamata pa chitseko cha khitchini. Nambala yabwino ndimaidontheza ndi cholembera chobiriwira, yokwera ndi chofiira. Chakudya chake ndimachiyeza pa sikelo, m'mbale yakeyake.

“Nanga ikakhala yofiira mumati chiyani?”

“Ndimafunsa kuti wadya chiyani.”

“Ndi nkhope yotani?”

Ndinati sindidziwa, nkhope yanga sindiiona. Anaseka, inenso ndinaseka pang'ono. Kenako anafunsa ngati ndimagona bwino. Ndinamuuza kuti ndawerenga zonse zimene shuga amachita kwa impso, kwa maso ndi kwa mapazi pakapita zaka makumi awiri, ndipo dontho lofiira lililonse ndimaliona ngati njerwa imodzi ya nyumba imeneyo. Anafunsa ngati ndinauzako munthu wina zimenezi. Sindinauzepo.

Ndinalowa kukadandaula za iwo. Ndinatuluka patatha ola nditakamba za ine. Sindikudziwa kuti anakhotetsa pati.

Lachisanu, 13 Juni

Shuga: 11.8, 15.0, 9.7.

Tinakhala atatu m'chipinda chija. Namzeze anatenga krayoni n'kumaisenda pepala lake uku akulankhula.

Zinayamba mu Febuluwale. Manambala anayamba kukwera okha, 14, 15, 16, ngakhale adye zokhazo zimene ndamuyezera. Chitseko cha khitchini chinafiira. Ine ndinkafunsa kuti wadya chiyani, iye ankati palibe, ine ndinkangodontheza chofiira. Mayi ake anali atatsala pang'ono kubereka, ndipo ankalira akaona chitsekocho. Tsiku lina kamakina kanati 15.2, iye analemba 7.2. Akuti ndinamusisita pamutu n'kunena kuti, waona, ukamamvera zimatheka. Ndikukumbukira tsiku limenelo. Ndinapita ku ntchito ndikuimba mluzu.

Pambuyo pake analeka n'kuyeza komwe, chifukwa kuona nambala yeniyeni kenako n'kulemba ina kunkamusowetsa mtendere. Jakisoni wa masana ku sukulu anamusiyanso. Malo obayira analibe, ankabayira ku chimbudzi, ndipo atsikana ena atamuona anayamba kufalitsa kuti amabaya mankhwala osokoneza bongo. Aphunzitsi a masewera anali atamuchotsa kale m'timu yothamanga poopa kuti angadzagwe pa bwalo. Zonsezi sindinkazidziwa.

Akuti kamodzi pa sabata ankalembako 9 kuti ndisakayikire.

Ndinati, “Ukanatha kufa.”

Anati, “Ndikudziwa, adadi.”

Mlangizi anangosuntha bokosi la timapepala topukutira m'maso n'kuliika pakati pathu, osati pafupi ndi mwana yekha.

Madzulo ndaliwerenganso kope lonse. M'miyezi inayi mulibe nambala yochepera 5.5 kapena yopitirira 9.4. Ku ntchito, wina atandibweretsera zotsatira zosalala chonchi ndingamutume kukatunganso madzi ena tsiku lomwelo. Zinthu zenizeni zimadumphadumpha. Izi ndinazikhulupirira chifukwa ndinkazifuna.

Dokotala wandifotokozera mbali imene yandilasa kwambiri. Namzeze watalika masentimita anayi, thupi likusintha, ndipo pa msinkhu umenewu insulini yofunika imakwera. Ma 15 aja sanachokere m'mbale. Ankangofuna kuti mlingo uwonjezedwe. Mu Epulo titapita ku kiliniki, mlingo anausiya momwemo chifukwa kope linali lokongola. Wanena yekha, ine osafunsa, kuti pamenepo iwonso analakwa: palibe amene anatsegula kamakina, palibe amene analankhula ndi mwana payekha. Akuti wakamba kale ndi anzake a ku kiliniki. Ndagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndi anthu ophunzira, ndipo amene ndinawamva akunena kuti talakwa asanapanikizidwe sakwana zala za dzanja limodzi.

Insulini ya madzulo: kuchoka pa 12 kufika pa 16.

Loweruka, 14 Juni

Shuga: 8.9, 11.2, 7.4, 9.8. Awa ndi enieni.

Mayi ake abwera ndi khanda. Anabweretsa mpunga, nyemba, mazira owiritsa ndi malalanje, ndiponso kambale ka Namzeze kapadera kokutidwa bwinobwino. Mayi woona za zakudya anadutsa pa nthawi yake. Anatiphunzitsa kuyerekeza chakudya ndi chibakera komanso chikhatho cha mwanayo, n'kunena kuti sikelo ipume. Akuti banja lonse lizidya zofanana, pa tebulo limodzi, chifukwa chakudya choyenera wodwala shuga n'choyeneranso tonsefe. Anayang'ana mimba yanga ponena zimenezi. Oluka tsitsi anaseka mpaka kutsokomola.

Nesi wa magalasi anapempha kunyamulako khanda. Akulinyamula anafunsa khadi lake la ku sikelo, n'kupeza kuti katemera mmodzi anadumphidwa. Amubaya lero lomwe. Kenako mlangizi anatenga mayi ake kupita nawo ku chipinda chija. Anakhalako nthawi yaitali.

Atatuluka anandiuza okha. Mlangizi anawafunsa mafunso khumi a pa pepala: za tulo, za kulira, za kusangalala ndi zinthu, za kudziimba mlandu. Zotsatira zikuonetsa matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akabereka. Akaonana ndi dokotala wa zimenezi Lolemba, m'chipatala chomwechino. Ine ndinkati ndi kutopa chabe. Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze. Anati, “Mukanazidontheza ndi cholembera chanji, bambo a Namzeze?” Sanakwiye ponena. Zikanakhala bwino akanakwiya.

Tinabwera ndi wodwala mmodzi. Iwo aona anthu anayi.

Oluka tsitsi analuka Namzeze mizere isanu ndi itatu, kenako anakhazika mayi ake pansi n'kuwapesa, akuwakalipira kuti mutu wa munthu si munda wogonekedwa. Aka n'koyamba m'miyezi yambiri kumva mayi ake akuseka.

Lamulungu, 15 Juni

Cha m'ma 11 koloko Namzeze anati manja akunjenjemera. Shuga: 3.6. Theka la kapu ya juwisi. Patatha mphindi khumi ndi zisanu: 5.2. Kenako buledi. Anazizindikira yekha n'kuitana nesi yekha. Insulini ya madzulo aitsitsa kufika pa 14.

Ndinafunsa oluka tsitsi za nkhope ija, popeza akhala akundiona sabata yathunthu. Sanachedwe n'kuyankha. Akuti kamakina kakalira ndimaoneka ngati wapolisi wa pamsewu amene wapeza laisensi yotha ntchito: sindikalipa, koma munthu amayamba kupepesa. Anaitsanzira. Wodi yonse inaseka, mpaka kamtsikana kawo kamene dzulo kankalira ndi ululu wa m'mafupa. Namzeze anati asiya nsidze, nsidze ya kumanzere imakwera.

Mlangizi wandipatsa funso lina m'malo mwa lija. Nambala ikakwera ndizifunsa kuti tichite chiyani. Ndaliyeserera kangapo m'khonde. Likumveka ngati la munthu wina.

Lolemba, 16 Juni

Shuga: 9.4, 12.7, 8.8, 10.5.

Lachisanu nesi anaimbira foni ku sukulu, Namzeze atavomera. Lero kwabwera aphunzitsi a kalasi yake ndi aphunzitsi a masewera. A masewerawo ndi chimunthu chachitali cha mapewa otambalala, koma ataona singano anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati. Nesi sanawamvere chisoni. Anawauza kuti adzibaye pa chala ndi kubaya lalanje jakisoni, ndipo wowaphunzitsa anali Namzeze. Anawadzudzula kawiri kuti akugwira molakwika. Shuga wawo: 5.4.

Anavomera kuti anamuchotsa m'timu chifukwa cha mantha, osati chifukwa wina anawauza kutero. Dokotala anawalembera pa pepala limodzi zoyenera kuchita: kuyeza asanathamange ndi akamaliza, juwisi akhale pafupi, nambala zoti athamange ndi nambala zoti adikire. Aphunzitsi a kalasi apeza kachipinda pafupi ndi ofesi ya ahedi, ndipo kiyi azisunga Namzeze. Za atsikana aja, anamufunsa iyeyo ngati akufuna kuti kalasi iuzidwe. Wati aganiza kaye. Palibe amene anamukakamiza.

Lachinayi kuli mpikisano wosankha timu ya chaka chino. Aphunzitsi ati dzina lake alilemba, bola akhale atatuluka. Namzeze anafunsa dokotala kuti atuluka liti. Anati mwina mawa, zikayenda bwino. Anafunsanso kuti kuyenda bwino ndiye kuti chiyani. Dokotala anati tiona m'mawa.

Kuyambira lero anesi asiya kumuyeza. Akudziyeza yekha n'kukawauza, monga zidzakhalire kunyumba.

Mayi ake aonana ndi dokotala wawo. Azipita kukakambirana kawiri pa mwezi, ndipo za mankhwala aona pakatha mwezi. Mchemwali wanga wavomera kudzakhala nafe sabata zitatu kuti iwo azigonako masana. Nzeru yomupempha si yanga, ndi ya mlangizi. Ine sizinandifikire n'komwe kuti munthu angathe kupempha.

Namzeze walongedza kale chikwama.

Lachiwiri, 17 Juni

M'mawa anesi onse anali pa bedi 2, pamene panabwera mwana wophwanyika mwendo. Ine ndinkapinda bulangeti nditafulatira. Ndinamva kamakina kakulira, kenako zii. Sindinatembenuke. Ndinapinda bulangeti lomwelo kawiri.

“Adadi. 17.1.”

Nditatembenuka anali atatsegula chikwama. Anatulutsa masilipasi ake n'kuwabwezera pansi pa bedi, kenako mswachi, kenako thawulo. Sanalire. Ankangokonzanso malo ngati munthu amene wadziwa kuti sakupita kulikonse, ndiponso kuti Lachinayi ena adzathamanga iye ali pano.

Palibe amene anaona kamakinako. Akananena 7.1, ine ndikanalemba 7.1.

Ndinamva nsidze ikukwera. Ndinafunsa kuti tichite chiyani. Mawuwo anatuluka owuma ngati ndikuwerenga chikwangwani, koma anatuluka. Anatenga pepala limene dokotala anamulembera la zochita nambala ikakwera, n'kutsata ndi chala: kuyeza makitoni, kumwa madzi, kuwonjezera mayunitsi awiri pa jakisoni wa m'mawa. Makitoni: palibe. Anabaya yekha. Ine ntchito yanga inali kugwira kapu.

Dokotala atafika, asanamalize n'kukoka kampando, Namzeze anamuuza nambalayo. Onse awiri anayang'ana kamakinako, mitu itagundana. Dokotala anati zikuoneka kuti Lamulungu anatsitsa mopitirira, 14 yachepa ndipo 16 yachuluka, tiyese 15. Analemba. Kenako anauza nesi kuti akonze makalata otulutsira.

Namzeze anafunsa kuti, “Ndi 17?”

“Mwana wondiuza 17 ndingathe kumuthandiza ali kwawo,” anatero dokotala. “Wa 6.8 uja ndi amene ndinalibe naye chochita.”

Patatha maola awiri: 11.4. Tisanadye masana: 8.6.

Mankhwala: insulini ya madzulo mayunitsi 15, ya pa chakudya malinga ndi pepala. Ku kiliniki pa 1 Julayi, ndipo kamakina tipite nako. Kwa mlangizi pa 24 Juni, tonse atatu, khanda lololedwa. Nambala ya foni ya wodi ayilemba mkati mwa chikuto cha kope latsopano, akuti tiziimba ngakhale funso lioneke lopusa.

Ndinapita kukathokoza nesi wa magalasi. Ndinali nditakonza mawu, koma anali akusintha diripi pa bedi 2 ndipo anangondikodola ndi chigongono kuti ndimupatsire thonje. Oluka tsitsi atsala, mwana wawo akuti mwina Lachisanu. Andiuza kuti ndikapite ku saluni akandimete nsidze ya kumanzere, ulere.

Tikudikira galimoto pa benchi ya panja. Namzeze akuwongola miyendo pa khoma, kukonzekera Lachinayi. Wandifunsa ngati ndidzabwere kudzaonera, n'kuwonjezera msanga kuti akhoza kumaliza womaliza chifukwa wagona sabata yonse.

Ndaimbira foni abwana ku ntchito. Lachinayi sindipita.